A Chisanu a ku Nangongwe, Landirani Ulemu Wanu

Padziko pano pali anthu amene amasunga ndalama chaka chathunthu kuti akagule kuzizira. Ku Ulaya, chaka chikamapendekera kumapeto, mabanja amakhala pansi n'kumakangana za phiri loti akazizidwireko. Bambo akuti tiyeni ku Chamonix, m'dziko la France, patsinde pa Mont Blanc, poti n'komwe kunachitikira masewera oyamba a Olimpiki a nyengo yozizira mu 1924. Mayi akuti ayi, koma ku Zermatt, ku Switzerland, kumene galimoto ya petulo siloledwa kulowa m'mudzi ndipo ukangotsegula zenera, phiri la Matterhorn lili poteropo. Ana akungofunsa ngati kuli intaneti. Ndiye ayambe kuwerengera: ya ndege, ya chipinda, ya tikiti ya makina okwezera anthu pamwamba, ya matabwa omanga kumapazi, ya mphunzitsi wophunzitsa kugwa mwaulemu, ndi ya inshuwalansi ya mwendo umene ukathyoke. Zonsezi n'zoti munthu amukweze paphiri, atsetsereke pa chipale chofewa mpaka pansi, akafika pansipo amukwezenso.

Ife a ku Nangongwe, kuno ku Kafue, mikangano yotereyi sitiidziwa. A Chisanu amatipeza okha. Meyi akamatha amangofika, osaodira, n'kukhala pamphasa ngati eni nyumba. Mzambia wofuna kukalawa kuzizira kwa ku Alps ayambe wapereka mayuro 90 a visa ya Schengen, ndalama yosabwerera ngakhale amukane. A Chisanu athu sanalipiritsepo munthu ngakhale ngwee imodzi. Komabe taonani mmene timawachitira. Mvula timaipempherera m'matchalitchi, ikachedwa timasala kudya. A Chisanu akabwera, moni wake ndi kutsonya. Ngongole ya ulemu imeneyi yakhalitsa, ndipo ine ndati ndiibweze m'malo mwa komboni yonse.

Tiyambe ndi luso lawo. Odziwa za nyengo amati ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 ndi theka. N'chifukwa chake ogulitsa kuzizira amamanga mahotela awo m'mwamba, kufupi ndi mitambo. Kafue ndi tawuni ya m'chigwa, pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja, yotsika kuposa Lusaka ndi mamita pafupifupi 300. Masamu okhawo akanatilola kugona mazenera ali pululu. Koma a Chisanu ali ndi masamu awoawo. Mu Juni ndi Julayi kumwamba kumakhala kopanda mtambo, mpweya uli gwa kuuma, choncho kutentha konse kumene nthaka inamwa masana kumathawira kumwamba dzuwa likangolowa. Mpweya wozizira ndi wolemera. Usiku wonse umatsika pang'onopang'ono m'mapiri amene azinga tawuni yathu, n'kudzadikha m'chigwa, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, pomwe pali ifeyo. Kuno wotsetsereka paphiri ndi a Chisanu eni ake; ife yathu ndi ntchito yowalandira pansi.

Mbandakucha kutentha kumatsika pansi pa madigiri 10, nkhungu ili tolo pamadzi. Munthu wa ku Switzerland akamva zimenezi aseka, ati kumeneko n'kuzizira? Msiyeni aseke. Iye amagona m'nyumba ya makoma onenepa, mazenera a magalasi awiri, mapaipi a madzi otentha atazungulira chipinda. Kuzizira kwake kumatsala panja, amakakuchezera akafuna, akatopa n'kubwerera kukamwa zotentha. Kwathu kumalowera pamalata, pampata wa pansi pa chitseko, pamabowo a mpweya amene amisiri anatisiyira pamwamba pa zenera, kenako n'kutulukiranso m'simenti ya pansi. Ndani mwa awiriwa amene amakudziwa kuzizira ndi dzina lake?

Chimene tinasowa ife ndi wamalonda wochenjera basi. Imasimbidwa nkhani ya Johannes Badrutt, mwini hotela ku St. Moritz, amene mu 1864 anapangana ndi alendo ake Achingelezi kuti adzabwerenso m'nyengo yozizira, ndipo akapanda kukondwa iye adzawabwezera ndalama za ulendo. Anabweradi, anakhala mpaka nyengo inatha, ndipo kuchokera pamenepo kuzizira kunasanduka katundu wa pamsika. Masiku ano katunduyo wafika popangidwa ndi makina. Ku Afriski, m'mapiri a Maluti ku Lesotho, pamtunda wopitirira mamita 3,000, amatsegula kuyambira Juni mpaka Ogasiti, koma chipale chambiri chimene anthu amatsetserekapo n'chopemerera ndi makina. Ku Tiffindell, pa phiri la Ben Macdhui ku South Africa, anayamba mu 1993, ndipo malondawo anaima nthawi ya Covid. A ku Dubai ndiye anachita kunyanya: mu 2005 anamanga phiri lozizira m'kati mwa sitolo yaikulu, m'chipululu. Magetsi akangothima, ulemerero wonsewo usanduka matope.

A Chisanu athu safuna magetsi. Tinaona mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi akusowa maola ochuluka kuposa amene akuyaka. Mafiriji anasanduka makabati, ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo ali manja lende. A Chisanu okha ndiwo sanajombe ngakhale usiku umodzi. Ndipo kukhulupirika kwawo kumaonekera bwino mukaganizira za mtsinje wathuwu. Madzi ake amapopedwa pa Iolanda n'kupita ku Lusaka. Mphamvu yake imasanduka magetsi ku Kafue Gorge, mamegawati 990 kumtunda ndi ena 750 kumunsi kumene kunamalizidwa mu 2023, n'kukwera mawaya kupita kutali. Mwa zonse zimene mtsinje umabala, chimene palibe anachipangira paipi kapena waya wochitumizira kwina ndi nkhungu yozizira ya m'mamawa. Imeneyo ndi yathu yonse.

Wofunitsitsa phiri, mapiri alipo. Kuli Sapitwa ku Mulanje, mamita 3,002, kumene mphepo ya chiperoni imakuta masiku angapo osaona dzuwa. Kuli Ku Chawe ku Zomba, kuli Chelinda ku Nyika kumene udzu umadzuka utayera. Kuno kwathu kuli Mafinga. Apite, akabwera adzatiuze.

Tchuthi cha nyengo yozizira nafenso tili nacho, ndipo boma linachiika pamalo pake penipeni: Lolemba loyamba la Julayi ndi Heroes Day, Lachiwiri lake Unity Day, masiku anayi otsatizana mukaphatikiza Loweruka ndi Lamlungu. Imani m'mbali mwa msewu waukulu Lachisanu madzulo muone chipongwe. Magalimoto a ku Lusaka ali mdipiti, kudutsa m'tawuni mwathu, kuwoloka mlatho, kukakhota ku Turnpike, ena ku Siavonga ena ku Livingstone. Akuthawa a Chisanu, kuthamangira m'chigwa cha Zambezi. Pa tsiku lokumbukira ngwazi! Ngwazi zenizeni zimatsala ku Nangongwe.

Otsalafe sitisowa posankha, ndipo kusankha kwake n'kofuna nzeru ngati kwa azungu aja. Okalamba ndi ana amakonda khoma loyang'ana kum'mawa. Malo ake ndi ochepa, amatsegulidwa cha m'ma 7 koloko, ndipo wochedwa amapeza ambuya, mphaka ndi nkhuku atatenga kale mbali yabwino. Olimba mtima amasankha pasiteji ya minibasi 5 koloko m'mamawa, pamene ogwira ntchito ku Lusaka amaima ali khuma, manja m'khwapa, kudikira ulendo wa makilomita 45. Ubwino wa pamenepa ndi wakuti mu Juni mokha ndi mmene munthu amathokoza kondakitala akathithikiza anthu pampando. Akatswiri enieni ali kumtsinje: asodzi a ku Chanyanya amene amavuula ukonde ndi manja osavala kanthu kusanache, ndi amayi amene amawadikirira pagombe ndi mabeseni. Amenewo akanakhala ku Ulaya bwenzi atapachikidwa mendulo m'khosi.

Koma masewera aakulu a nyengoyi amachitikira m'bafa. Munthu amalowa ndi ndowa, thaulo lili paphewa, n'kuima. Amayang'ana madzi, madzi n'kumuyang'ana. Amaviika chala. Amakumbukira kuti dzulo sanayende kwambiri ndipo thukuta silinatuluke. Amayamba ndi mapazi, kenako manja, kenako nkhope, n'kuimanso kaye kuti aganize za moyo wake. Ndiyeno pamafika mphindi imene palibe mphunzitsi angakuphunzitse, yothira chikho choyamba pamsana. Kufuula kumene kumamveka m'mabafa a Nangongwe nthawi imeneyo n'kochokera pansi pa mtima kuposa nyimbo zambiri za Lamlungu. Alipo amene amathira madzi pakhoma kuti a panja amve phokoso, iwo n'kutuluka atanyowetsa kumaso kokha. Amayi a panyumba amawadziwa onse. "Iwe, bwerera! M'khosi mouma chonchi wasamba chiyani?" Mwana amabwerera, mano ali gwegwegwe, ndipo sukulu sidikira, pakuti teremu yachiwiri imayamba mu Meyi n'kudzatha mu Ogasiti, ndendende nthawi ya a Chisanu.

Zabwino zawo zina n'zosachita kufunsa. Udzudzu wa ku Kafue, umene mbiri yake inafika kutali, umachepa mphamvu iwo akafika, ndipo malungo amayamba apuma. Ndiwo za dzulo zimafika lero zili bwinobwino. Anyamata amene chaka chonse amabwera pakati pausiku amapezeka panyumba dzuwa likungolowa, atazungulira mbaula pamodzi ndi ang'ono awo, kudikira kandolo apse paphulusa. Zimene makolo, abusa ndi apolisi alephera, a Chisanu amazitha m'sabata imodzi.

Atipatsanso ulemerero wa zovala. Jekete lonenepa limene mukuliona pamsika wa salaula, la mitundu yowala, lolembedwa mawu amene palibe angawatchule, linayendapo m'mapiri amene ife timangowaona pa TV. Mwini wake analigula modula, analivala masiku ochepa, n'kulitaya m'bokosi la zachifundo. Linamangidwa m'belo, linawoloka nyanja, ndipo lero lapeza ntchito yeniyeni pamsana pa mlonda wa usiku. Kathumba kakang'ono ka pamkono, kamene anakasokera tikiti ya makina a paphiri, kondakitala amasungamo tchenji. Pali kachinthu kowawa pamenepa, kakuti tawuni ino inali ndi fakitale yakeyake ya nsalu, Kafue Textiles of Zambia, imene inalemba anthu ambiri ntchito, ndipo inafooka msika utatsegulidwa pambuyo pa 1991 mpaka makina anaima m'zaka za m'ma 2000. Ana a anthu amene ankaomba nsalu akufunda zotsala za ku Ulaya. Koma mlandu umenewo si wa a Chisanu. Iwo anangobweretsa makasitomala.

Adani awo amati a Chisanu ndi okondera. Amati kunyumba za siling'i ndi makapeti amangosuzumira pazenera, koma m'komboni amalowa mpaka m'mafupa. Amaloza zikang'a za amayi ogulitsa tomato, milomo yong'aluka, miyendo ya ana yotuwa mbuu chifukwa botolo la Vaseline latha mwezi usanathe. Amaloza mtengo wa thumba la malasha umene umakwera nthawi yomweyo imene aliyense akulifuna, ndi mitengo imene ikutha m'mapiri kuti mbaula ziyake. Amaloza mizere ya kuchipatala, makanda akutsokomola, okalamba atagwidwa chibayo. Ine monga mneneri wawo ndiyankha kuti a Chisanu amapereka mofanana kwa aliyense, madigiri omwewo kwa bwana ndi kwa wantchito wake. Ngati wina ali ndi mabulangete anayi pabedi limodzi pamene wina ali ndi limodzi la ana anayi, amene anagawa mabulangetewo si iwo. Iwo amangobwera chaka ndi chaka kudzawerenga, ndipo kawerengedwe kawo sikanama.

Paja mlendo ndi mame. Pa 21 Juni usiku umafika pachimake kutalika, Julayi amaluma komaliza, mphepo ya Ogasiti n'kudzawaperekeza ndi fumbi. Pofika Okutobala, malata akuthetheka, tulo tikusowa, udzudzu ukuimba kukhutu, mudzamva anthu omwe aja ankatsonya akuti bola Juni.

Chimodzi chokha ndikupempheni, abale anga, pamene mukuchereza mlendo wolemekezekayu. A Chisanu a kuno kawirikawiri sapha munthu ndi dzanja lawo. Amene amapha ndi mbaula yogona m'nyumba. Malasha akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena utsi woti muuone. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo tokoma, ndipo banja lonse likhoza osadzuka. Othani moto, otchani kandolo, koma nthawi yogona ikakwana mbaula itulutseni panja.