Jombo ziwiri, kalulu mmodzi

Mu Disembala 2022, Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi mnzake wa ku Zambia, Hakainde Hichilema, adatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji-Mwami. Kale wapaulendo ankadinditsa pasipoti kuno, n'kunyamula katundu, kukafolanso mzere tsidya linalo. Lero amaima kamodzi basi, zonse n'kuthera pomwepo. Maboma awiriwa adadikira zaka zoposa 50, mpaka kukapempha ndalama ku African Development Bank, kuti avomereze zimene agogo ankanena ulere akuwotha moto: mapanga awiri avumbwitsa.

Komatu anthu a ku Mchinji mwambi umenewu amaumvera ndi khutu limodzi. Kuno mapanga awiri ndiye moyo wake. Mufoni muli malaini awiri, ya TNM ndi ya MTN ya ku Zambia. Thumba lakumanja muli kwacha yathu, lakumanzere muli kwacha yogulira zinthu ku Chipata. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amavota ku Malawi, koma Febuluwale akakwana amawoloka kukavina Ncwala ku Mtenguleni, kwa Mpezeni. Onsewa palibe amene wavumbwa. Mwambi unkaoneka kuti wakalamba, watha mano, mpaka udakumana ndi nkhani ya jombo.

Pamilu ya nsapato za kaunjika, kaya pa Kamwendo kaya pa boma, pamapezeka jombo zimene azungu ankakwerera mapiri kwawo. Wogula wochenjera amagwira kuchidendene ndi kutsogolo, n'kuipinda. Ina imakana ngakhale aikanikize pabondo. Ina imapindika mosavuta mpaka mbali ziwirizo kupsompsonana. Apa ndi pamene mlenje wofuna jombo yokasakira amayamba kutuluka thukuta, wogulitsa ali pambali: "Achimwene, tengani zonse, ndikuchotserani."

Yolimbayo ili ndi chinsinsi. Mkati mwa soli muli kachitsulo kapena pulasitiki wouma, ndiye mwala ukhale wosongoka bwanji phazi silidziwa. Minga ya mthethe imathyokera kunja. Pamtsetse jombo imaluma nthaka ndi m'mbali mwake, munthu osatsetsereka, ndipo wosenza katundu wolemera satopa msanga. Soli zamanomano zolembedwa Vibram adazitulukira Vitale Bramani wa ku Italy, anzake 6 atafera m'mapiri a Alps mu 1935 atavala nsapato zosayenera. Mu 1937 adatulutsa soli ya labala mothandizidwa ndi Pirelli, kampani yopanga matayala. Ndiye kuti mzungu adazungulira ulendo wonsewo n'kudzafika pamene mmisiri wa nkhwaila amafika ndi mpeni umodzi ndi tayala lakutha.

Vuto la yolimba ndi pakamwa. Imalankhula. Pamasamba ouma a mu Seputembala imalengeza kuti bambo akubwera, ndipo kamtengo kouma imakathyola mwiniwake asanadziwe n'komwe kuti wakaponda. Gwape amene ali ndi makutu amakhala atatsanzika kalekale. Ikakhala yachilendo kuphazi imalipiritsanso msonkho wa matuza.

Yofewa ndi ya ulemu. Phazi limamva chili pansi, mlenje n'kubweza mwendo kamtengo kasanalire. Amanyang'ama nayo, amathamanga nayo, amanjuta nayo podikira nkhanga. Koma pamiyala imapereka uthenga wonse kuphazi osabisako kanthu, ndipo munga ukagogoda imangoti lowani.

Dziko la Mchinji nalo silithandiza. Kumalire kuli mapiri amiyala, kumunsi kuli madambo a Bua, pakati pali minda ya mtedza ndi chimanga. Ulendo wa tsiku limodzi umadutsa monsemo. Tiyerekeze tsono mlenje amene wamvera wogulitsa uja, wagula zonse.

Wanyamuka mbandakucha atavala yolimba, yofewa itapachikidwa m'khosi. Agalu ali patsogolo. Atangotsika pamiyala, kalulu uyo, wakhala phee pachitsamba. Apa pafunika yofewa. Mlenje akhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe, ndipo jombo ya mapiri ili ndi timabowo ndi tingowe tosatha. Wavula yakumanzere. Kalulu wamuyang'ana, wayang'ananso agalu, waona kuti msonkhanowu utenga nthawi, wanyamuka. Mlenje amuthamangira phazi lina jombo, lina sokosi, ndipo munga umene wakhala chaka chonse ukudikira sokosi wapeza mwayi wake.

Mawa lake akuti vuto silinali kuchuluka kwa nsapato koma kuchepa. Kudambo yolimba imanyamula makande mpaka mwendo kulemera, yofewa imamwa madzi, choncho pafunika gambuti. Gambuti mu Okutobala imaphika phazi, choncho pafunika nkhwaila zopumulira. Nkhwaila sizilowa m'tchalitchi, koma imeneyo ndi nkhani ina. Pofika sabata yachitatu bambo akupita kuuzimba ndi thumba la feteleza lodzaza nsapato, chibonga asiya kunyumba chifukwa manja adzaza. Agalu ayamba kutsatira mnyamata wa khomo linalo. Podutsa pamsika amayi ena amuimitsa: "Bambo, gambutizo mukuchita zingati?"

Funso limene wogulitsa safunsa ndi lakuti jombozi zikukasaka chiyani. Nyama zikuluzikulu zimene makolo ankachitira liwamba zidatha m'minda, zotsala zili m'malo otetezedwa. M'nkhalango ya boma ya Mchinji kusaka n'koletsedwa, ku Kasungu National Park ndiye osayerekeza. Lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, milandu ikuluikulu chilango chake chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Amene akufunikadi jombo yolimba kumeneko ndi asilikali olondera nkhalango, makamaka chibwerere njovu 263 zimene zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022. Wonyang'ama usiku ndi soli yofewa m'malo amenewo dzina lake ndi lina, ndipo kundende ya Maula adzapeza kuti pansi ndi posalala, soli iliyonse imayenda.

Ulenje umene watsala ndi wa mbewa. Anthu akakolola, anyamata amatuluka ndi makasu, ena ndi ndowa zotchera, kusaka kapuku ndi mende. Madzulo zili pampani m'mbali mwa msewu wa M12, zikudikira a minibasi. Pamenepa mtsutso wonse umagwa, chifukwa mbewa ili kuuna siithawa phokoso la nsapato. Khasu lokha limaposa jombo iliyonse kulongolola. Chimene chimavulaza ndi lupsa: ziputu zakuthwa, phulusa lotentha limene limasungunula patapata, ndi njoka imene nthawi zina imakhala italanda una. Zonsezi zikuloza soli yolimba, ndipo wonena kuti yofewa ndiyo yabwino sadapondepo chiputu.

Koma anyamata amenewa ambiri sasankha. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabelo adakwera mtengo, ndipo mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika a ku Lilongwe adaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula. Mnyamata amene ndiwo zake ndi ndalama ya makope zikuchokera pampani sangagule ngakhale phazi limodzi la jombo ya ku Italy. Soli yake ndi chikopa chimene adabadwa nacho, chong'ambika ming'alu m'chidendene. Amene ali ndi thumba la nsapato akadachita bwino kusiya peyala imodzi pakhomo la mnyamata wotere, makamaka yolimbayo, popeza matuza ake adalipira kale.

Mlenje wathu maganizo amenewo sadawafikebe. Waganiza mozama n'kupeza njira yoti asamakhalenso pansi kusintha: yolimba kumanzere, yofewa kumanja. Tsopano mwendo wina ndi wautali kuposa unzake, ndiye akati alunjike kudambo amapezeka akukhotera kumalire pang'onopang'ono, ndipo pasipoti adaisiya m'thumba la feteleza.