Mfule ya alamu anu ikufuna kalata

Alamu anu atha zaka 6 ku Britain, ndipo chuma chomwe asonkhanitsa ndi majekete atatu, chimfine chosatha ndi foda ya mapepala yonenepa kuposa eni ake. Lachiwiri lapitali, pa mayeso oyendetsa njinga yamoto, fodayo inawagwiritsa fuwa lamoto. Munali pepala lililonse lomwe munthu angafunsidwe pansi pa thambo, kupatula limodzi: kalata yochitira umboni kuti njinga yawo yamoto inafulidwa.

Eya, kufulidwa. Momwe timachitira ndi tonde akayamba kuvuta m'khola.

Kunoko laisensi ya njinga yamoto ili m'magulu. Ya A1 ndi ya tinjinga ta 125cc, ngati tomwe anyamata amaperekera zakudya m'makomo. Ya A ndi ya nkhunzi zenizeni, ndipo wofuna kuyambira pomwepo ayenera kukhala ndi zaka 24. Pakati pa ziwirizi, kuyambira mu Januwale 2013, pali A2: munthu wa zaka 19 kupita m'tsogolo, njinga yosapitirira mphamvu ya 35kW, yomwe odziwa amati ndi mahatchi 47. Alamu anu zaka 24 anazidutsa kalekale, Bingu akadali pampando, choncho boma silikanawaletsa kukwera nkhunzi. Anawaletsa ndi mayi a kunyumba.

"Bambo a Chisomo, inu ngakhale wilibala imakugwetsani. Mugule yofatsa."

Yofatsayo inapezeka, Suzuki SV650 ya pakaunjika, yomwe inabadwa ndi mahatchi pafupifupi 70 koma mwini wake woyamba anaichotsa ukali. Lamulo limalola, bola isadulidwe mphamvu kupitirira theka. Yobadwa ndi zoposa 70kW ndiye ayi, imeneyo ifa ili nkhunzi. Kafulidwe kake sikalira mpeni. Ena amaika kachitsulo kuti dzanja lisapotokole moto mpaka kumapeto, ena amachepetsa njira ya mpweya wolowa mu injini, ena amasintha kakompyuta kake. Mukaiona panja ndi tonde ndithu, ndevu zonse zilipo, kalilidwe n'komweko. Mkati ndi mfule.

Mapepala ena onse alamu anu anawatolera ndi mtima wa munthu wokonzekera chinkhoswe. Laisensi ya ophunzira, yokhala ndi chithunzi chooneka ngati awagwira akuba nkhuku. Satifiketi ya maphunziro oyambirira a CBT, yomwe imatha mphamvu pakapita zaka 2. Satifiketi ya mayeso a pakompyuta, a £23, komwe pa mafunso 50 munthu ayenera kukhoza 43, ndipo iwo anakhoza 43 ndendende, osabera boma ngakhale funso limodzi. Inshuwalansi, msonkho wa pamsewu, satifiketi ya MOT yotsimikiza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi chilembo chofiira cha L kutsogolo ndi kumbuyo kuti dziko lonse lidziwe kuti bambo wa imvi uyu ndi mwana wa sukulu. Laisensi yawo ya kumudzi inagwira ntchito miyezi 12 yoyamba basi. Anzathu a ku Zimbabwe ndi South Africa amangosinthitsa zawo, ife zathu timasungira adzukulu.

Ndiye pali ichi: wophunzira saloledwa kuyendetsa yekha njinga yaikulu chonchi pamsewu popanda mphunzitsi. Mfule inapita ku mayeso pa vani yahayala, yomangidwa malamba uku ndi uku ngati ikupita kumsika wa ziweto, mwini wake atakhala kutsogolo, chipewa pamiyendo.

Woyesa anali munthu waulemu, ulemu uja woopsa. Anatembenuza mapepala limodzilimodzi, akugwedeza mutu. Kenako anayang'ana njinga, n'kuyang'ana alamu anu, n'kufunsa za umboni woti inachepetsedwa mphamvu. Iwo anasolola monyadira pepala lomwe wogulitsa anawapatsa, la ku makina oyezera mphamvu ya injini otchedwa dyno, lokhala ndi mizere yokwera ndi kutsika ngati la ku sikelo ya ana. Woyesa anati limenelo sililandiridwa. Pamafunika kalata ya papepala lokhala ndi dzina ndi chizindikiro cha kampani, yochokera kwa ogulitsa ovomerezeka a mtundu umenewo wa njinga, oitanitsa ake, kapena katswiri wodziwika wa ntchitoyi, ndipo ionetse nambala ya njingayo.

Alamu anu anangoti kakasi. Anafotokoza, m'Chingerezi chomwe chinayamba kuthawa pakamwa, kuti kwawo munthu akamagula mbuzi safunsa kalata, amangokweza mchira n'kudzionera yekha. Anagwada pakonkire yozizira n'kusuzumira kunsi kwa njinga kuti asonyeze chitsanzo. Kunsiko kunali mafuta odontha ndi tsamba louma. Woyesa anapepesa katatu, n'kuitana wotsatira.

Ndalama ya gawo loyamba la mayeso, £15.50, inalowa m'madzi. Ya vani ndiye musafunse. Ulendo wonse wobwerera alamu anu ankaisintha kukhala makwacha mumtima, ndipo pofika kunyumba inali itakwana matumba angapo a chimanga ndi mbuzi imodzi yamoyo, yosafula.

Anadandaulira mayi a kunyumba kuti dziko lanji losakhulupirira mawu a munthu wamkulu. Nanga njinga yosalakwa ichite kunyamula kalata yolengeza manyazi ake? Mawa adzati mwini wakenso abweretse yake. Mayi aja, akusenda anyezi, anati imeneyo atha kulemba okha, papepala la kutchalitchi lokhala ndi chizindikiro, kutsimikiza kuti bambowa anachepetsedwa mphamvu tsiku la ukwati ndipo chiyambire sanapitirirepo liwiro. Alamu anu anakumbutsa kuti lamulo sililola kudula kupitirira theka.

"Inu sipanafunike kudula, bambo a Chisomo. Munabadwira mu A1."

Chisomo anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Mwana ameneyu amalipiriridwa yunifolomu ndi munthu yemwe ankamusekayo.

Koma usiku umenewo, akubwezera mapepala m'foda, alamu anu anapeza lisiti lina lomwe sankalifuna. Ndi la ndalama yomwe anatumiza kumudzi chaka chatha, yogulira bokosi la mphwawo wa zaka 22. Anakwera kabaza atatu, opanda chipewa, woyendetsa anaphunzira njingayo pabwalo la mpira sabata ziwiri m'mbuyo mwake. Anadutsa pamalodibuloko angapo ndipo palibe anawafunsa kanthu kolembedwa. Pepala loyamba lomwe linalembedwa za ulendo umenewo linali la kumochale. Aliyense amene analowapo m'wodi ya othyoka mafupa ku Lilongwe kapena ku Blantyre akudziwa kuti mnyamatayo sanali yekha. Pakati pa munthu wokubweza wamoyo chifukwa cha kalata imodzi ndi wokukweza dzanja kuti udutse atalandira ya fanta, alamu anu akudziwa amene angamusiyire Chisomo.

Mfule yapita kwa ogulitsa ovomerezeka, aivundukula, atsimikiza kuti ntchito inagwiridwa bwino, ndipo kalata yatuluka, ya mizere inayi, pamtengo womwe mayi a kunyumba sanauzidwe. Pano ili m'pulasitiki, m'kati mwa Baibulo, pa Levitiko. Chatsala ndi kuzungulira timapilo ta pabwalo ndi kuimitsa njinga mwadzidzidzi ikuthamanga makilomita 50 pa ola, kenako gawo lachiwiri la pamsewu, la £75, lomwe limayamba ndi kuwerenga nambala ya galimoto ili pa mamita 20. Magalasi a alamu anu nawonso ndi a pakaunjika.

Abale amene muli ndi vani chakuno ku Leeds, tsiku ndi Lachinayi la mawa lija, 8 koloko m'mawa. Mfule sivuta panjira, ndipo mafuta tigawana.