Ndinabisa matenda pa fomu ya inshuwalansi

Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzalowa ntchito ya njanji kuno ku Harare, mzindawu ukutchedwabe Salisbury. Nyumba imene ndikukhalamo ku Kambuzuma ndi imene iwo anagula pang'onopang'ono. Mwezi uliwonse malipiro awo ankadulidwa ndalama ya inshuwalansi ya moyo, ndipo ankatiuza kuti tsiku limene adzatsikire kuli chete, amayi sadzapempha mchere kwa anansi. Kenako kunabwera 2008, ndalama ya dziko lino inatha mphamvu, ndipo titayamba kugwiritsa ntchito madola a ku America mu 2009, zimene bambo anasonkha zaka zonsezo sizinakwane ngakhale thumba la ufa. Atamwalira, amene anagula bokosi ndi kuphikira anthu pasiwa anali bungwe la maliro la anthu akwathu, lija timasonkherana tikatuluka m'tchalitchi cha CCAP. Mu 2015 boma linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Justice George Smith kuti ifufuze nkhaniyi, ndipo inapeza kuti anthu anataya zambiri ndipo ayenera kubwezeredwa, koma bambo anali atagona kale.

Kuchokera pamenepo ndinali ndi chidani mumtima. Ndinkaona kuti kunamiza kampani ya inshuwalansi si tchimo ayi, ndi kubweza chabe.

Komabe ukafika zaka makumi asanu, mwana wamkazi ali ku koleji, wamng'ono ali ku sekondale, umayamba kuwerengera usiku. Bungwe la maliro lidzakuika m'manda bwinobwino ku Warren Hills kapena ku Mbudzi, koma silidzalipira fizi ya mwana. Mai akunyumba ndiwo anayamba kunena kuti titenge inshuwalansi ya moyo yolipira m'madola a ku America, ndipo nditakana kwa nthawi ndithu ndinavomera.

Chimene mai akunyumba sankadziwa n'chakuti chaka chapitacho, nditapita ku kiliniki mutu ukundipweteka, anandiyeza magazi n'kundiuza kuti mafuta achuluka m'magazi mwanga. Namwino anandionetsa papepala kuti kolesterol wa munthu amafunika asapitirire 5, koma wanga anali atadutsa 7. Anandilembera atorvastatin kuti ndizimwa usiku uliwonse, ndiponso anati ndichepetse nyama yamafuta. Ndinamwa botolo loyamba, litatha sindinagulenso. Matendawa sapweteka paliponse, ndiye munthu umadziona wabwinobwino. Loweruka ndinkapitabe kwa Mereki ku Warren Park kukadya nyama yowotcha ndi mang'ina, khadi la ku kiliniki ndili nditalipinda m'kachikwama kanga kumbuyo kwa chitupa.

Wogulitsa inshuwalansi anabwera kunyumba madzulo ena, mnyamata waulemu, n'kuyala fomu patebulo. Anafunsa za fodya, ndinati sindisuta, zomwe n'zoona. Anafunsa za shuga ndi BP. Kenako anawerenga funso lakuti kodi dokotala anakuuzanipo kuti muli ndi mafuta ochuluka m'magazi, kapena kukulemberani mankhwala ake. Mai akunyumba anali pomwepo akuthira tiyi. Ndinati ayi. Mnyamatayo anachonga, ine n'kusayina pansi pa mawu onena kuti zonse ndanenazi n'zoona.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, chifukwa mapolise a maliro amene ambiri timawadziwa sayeza munthu, amangokuuza kuti udikire miyezi ingapo asanayambe kukuteteza. Inshuwalansi ya moyo ya ndalama zochuluka ndi ina. Patapita masiku uthenga unalowa pafoni woti ndikaonane ndi dokotala wa kampaniyo, akanditenge magazi, ndipite m'mawa ndisanadye.

Mantha anandigwira. M'malo mobwerera ku kiliniki, ndinakafunsa nzeru kwa mnzanga wina amene timakhala naye pamashopu. Anandiuza motsimikiza kuti, "Achimwene, zimenezo n'zosavuta. Siyani nsima, muzimwa madzi a mandimu osakaniza ndi adyo ndi viniga m'mawa ndi madzulo, mafuta onsewo asungunuka." Ndinachita zomwezo. Kunyumba ndinanena kuti ndikusala kudya popempherera mayeso a mwana, ndipo mai akunyumba anandiyamikira, zomwe mpaka lero zimandiwawa ndikazikumbukira. M'mimba munkaotcha, usiku tulo osabwera, kuntchito manja ankanjenjemera.

Tsiku loyezedwa ndinakwera kombi yopita m'tauni ndili wopepuka mutu. Nditatsika pa renki ndinayenda pang'ono, kenako maso anachita mdima. Ndinatsitsimuka nditagona pansi, chipumi chikutuluka magazi, mayi wina wogulitsa nthochi akundikupiza ndi katoni. Foni inali itapita. Mnyamata wina amene anatola kachikwama kanga anatulutsa zonse pofuna nambala ya wachibale, ndipo pondibwezera anaika khadi la ku kiliniki pamwamba pa chitupa.

Ndinakafikabe kwa dokotala, malaya ali ndi fumbi. Pa tebulo la alendo anapempha chitupa, ndipo khadi lija linatuluka limodzi. Dokotala, mayi wachikulire, analiwerenga mwakachetechete, n'kuyang'ana fomu yanga, n'kundiyang'ana ine. Anafunsa kuti mankhwalawa ndinasiya liti, ndiponso kuti ndadya chiyani sabata imeneyo. Ndinaulula zonse.

Sanandikalipire. Anandifotokozera kuti kolesterol wambiri amapangidwa ndi chiwindi cha munthu mwini, kotero kudzimana chakudya masiku ochepa sikumutsitsa kwenikweni, ndipo mandimu satsuka mitsempha. Anati pali mtundu wotchedwa LDL umene umakanirira m'mitsempha ya magazi n'kuichepetsa njira, mpaka tsiku lina mtima kapena ubongo usowe magazi, ndipo umenewu ndi umene mapiritsi ndinasiya aja amautsitsa m'masabata ochepa okha munthu akamamwa mosadumphitsa. Kenako ananena chimene chinandilasa. Anati anthu ambiri a kolesterol wokwera amapatsidwa inshuwalansi popanda vuto, ena pa mtengo wamba, ena powonjezera pang'ono, bola aoneke kuti akumwa mankhwala, sasuta, ndipo BP ndi shuga zili bwino. Chimene kampani imaopa ndi munthu amene anauzidwa matenda, nasiya mankhwala, nabisa.

Magazi anatuluka monga mmene analili chaka chapitacho. Kalata ya kampani inati pempho langa aliimika kaye, ndidzapemphenso pakapita miyezi ndili pa mankhwala, ndi kalata ya dokotala. Sindingawanene kuti anandilakwira.

Chovuta kwambiri chinali kunyumba. Ndinafika madzulo ndi bandeji pachipumi, wopanda foni, ndipo bodza la kusala kudya silikanathekanso. Mai akunyumba anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Atatero anati, "Abambo, tiyerekeze kuti sanakuyezeni, mwalipira zaka khumi, kenako mtima waima. Ine ndikupita ndi mapepala, iwo akufufuza ku kiliniki n'kupeza kuti munanama. Akanandipatsa chiyani?" Yankho ndinkalidziwa, chifukwa linalembedwa pafomu pomwe ndinasayina paja: ukabisa chinthu chofunika, kampani ili ndi ufulu wokana kulipira. Ngakhale akanakadandaula ku IPEC, bungwe la boma loyang'anira za inshuwalansi ndi penshoni, siginecha yanga ikanawatsutsa. Ndinkati ndikubwezera amene anasaukitsa amayi anga, pamene munthu amene ndinkamukonzera umphawi womwewo anali mkazi wanga.

Sanandiyankhule bwino kwa nthawi yaitali, ndipo chimene chinawapweteka koposa si fomuyo, koma kuti chaka chathunthu ndinkadya nawo mbale imodzi ndikudziwa kuti m'magazi mwanga muli choopsa, osawauza.

Pano mapiritsi amakhala pafupi ndi botolo la shuga wa tiyi, ndipo amene amakagula ku famase akatsala pang'ono ndi mai akunyumba. Ndiwo zasintha: nyemba, chigwada ndi nkhwani wotendera, usipa ukapezeka ku Mbare, nyama mwa apo ndi apo. Nditapemphanso inshuwalansi ndinayankha funso lija kuti inde, n'kupereka khadi la ku kiliniki ndi manja anga. Anandilandira, koma ndalama ya pamwezi anaikweza kuposa imene mnyamata uja anatiwerengera poyamba, ndipo kuti tiikwanitse tinachepetsa ndalama imene ana adzalandire. Sindinaleke kukayikira ngati kampani iliyonse m'dziko muno ingasunge lonjezo zaka makumi awiri, poti ndalama yasinthanso mu 2019 ndi mu 2024. N'chifukwa chake ku bungwe la maliro la kutchalitchi sindinatulukeko, ndimasonkhabe mwezi ndi mwezi.