Kalata yochokera ku Joni: Ng'ombe ziwiri za m'kalavani

Okondedwa achimwene ku Madisi,

Mng'ono wanu ali moyo, kungoti msana ukumuvuta. Gwero lake ndi batire lija munaitanitsa la sola yanu.

Abwana ake, omwe amawasamalira maluwa kuno, ali ndi kalavani, kanyumba ka matayala kokhala ndi bedi, filiji ndi magetsi. Munthu wa nyumba ya zipinda zisanu amakakoka mpaka ku Kruger kukagona kutchire, n'kulipiranso! Sabata yatha anatuma mng'ono wanuyo kuti atsitse mabatire a m'menemo. Analimo awiri, lililonse lolemera makilogalamu 28, kuposa theka la thumba la fetereza. Kuyang'ana cholembedwapo, mavoti 6 basi. Iye anaphulika nako kuseka: mavoti 6 si aja tinkawapeza posanja mabatire anayi mu wailesi ya agogo?

Abwanawo sanaseke. Akuti amenewo ndi a Trojan T-105, opangidwira tingolo ta anthu osewera gofu. Mukalumikiza pozitivu ya limodzi ku negetivu ya linzake, mavoti amaphatikizana kukwana 12, koma nkhokwe yake imakhalabe 225 Ah. Mukatenga awiri a mavoti 12, a 100 Ah lililonse, n'kulumikiza pozitivu ku pozitivu, negetivu ku negetivu, mavoti sasuntha, nkhokwe ndiyo imafika 200 Ah. Chomwe amawakondera a mavoti 6 n'chakuti mtovu wake wa m'kati ndi wokhuthala, ndiye amapirira kukamidwa usiku, kutchajidwa masana, kwa zaka. Akusiyana ndi la galimoto lija munkalikweza pa njinga kukatchajitsa pamsika: ntchito yake n'kuliza injini kamodzi, osati kuchezera ndi TV mpaka tambala woyamba.

Mng'ono wanu anatsala pang'ono kukugulirani awiri otere. Chinamubweza ndi ngolo yanu.

Awiri a mavoti 6 ali ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Imodzi ikadwala, fodya amagona kumunda. Lina likafa mutsala ndi mavoti 6 osayatsa ngakhale babu, ndipo lolowa m'malo mwake mudzalisaka kuchokera pa Madisi mpaka pa Mponela, ogulitsa akungokuyang'anani. A mavoti 12 alibe nsanje yotere: lakufalo mumalichotsa, linzake n'kumagwirabe ntchito. Komanso a gofuwa amamwa madzi a batire a m'botolo, pomwe inu, mmene akukudziwirani, mudzawatungira a pa mjigo.

Choncho likubwera limodzi la mavoti 12, la 100 Ah. Wapatsira transipota pa Park Station, lidzera ku Beitbridge, Tete ndi Dedza. Musamalikame kupitirira theka, ndipo alamu asasandutse khonde malo otchajitsira mafoni a mudzi wonse.

Ndalama ya transipota ndi ya mankhwala opaka msana wadula pa ija ya suti yanu.

Mng'ono wanu,
ku Randburg