Galimoto Simva Chisanu, Amene Akunjenjemera Ndi Ife

Ife anthu wamba amene timayendetsa galimoto zogula zitatopa kale kwina tili ndi luso limene palibe sukulu inatiphunzitsa. Mafuta akatha msanga timapeza wolakwa pompopompo, ndipo wolakwayo sakhala ife. Timayamba ndi mnyamata wothira mafuta, tikachoka apo tigwira makaniko, kenako mlamu amene anabwereka galimoto Loweruka. Abale athu amene anakakhala ku Winnipeg, Edmonton ndi Minneapolis anapeza wolakwa wabwino kuposa onsewa, chifukwa sayankha komanso sangakutengere kubwalo lamilandu. Wolakwayo ndi chisanu. Kumeneko Januwale akafika kuzizira kumatsika mpaka madigiri 30 pansi pa ziro, ndipo geji ya mafuta imatsika munthu akuiyang'ana. Sindikukana kuti chisanu ndi mbava. Ndikungonena kuti mbavayi ili ndi mnzake amene amaitsegulira chitseko, ndipo mnzakeyo wakhala pa chiwongolero, wavala majuzi awiri, akuimba mlandu nyengo.

Tiyambe ndi mlandu wa chisanucho, pakuti umboni wake ulipo. Nthambi ya boma la America yotchedwa Department of Energy imanena kuti galimoto yapetulo yoyenda mumzinda, kukazizira kufika madigiri 7 pansi pa ziro, mtunda umene imayenda pa lita imodzi umachepa ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi tsiku lofunda la madigiri 25. Zifukwa zake si zaufiti. Oyilo wa mu injini ndi wa m'magiya amauma gwa ngati phala ladzulo, ndiye injini imayamba yalimbana ndi oyilo wake yomwe isanalimbane ndi msewu. Petulo wozizira sasanduka nthunzi mosavuta, choncho kompyuta ya galimoto imathira wochuluka kuti moto ugwire. Mpweya wa m'matayala umafwamphuka pang'ono, pafupifupi psi imodzi pa madigiri asanu kapena asanu ndi limodzi aliwonse amene kwazizira, ndipo tayala lofewa limakokera galimoto m'mbuyo. Mpweya wa panja nawo umalemera: pa madigiri 20 pansi pa ziro umakhala wothinana ndi pafupifupi 18 peresenti kuposa pa madigiri 25, ndipo galimoto yothamanga pamsewu waukulu iyenera kuuboola wonsewo. Onjezani chipale chofewa cha mumsewu, batire lofooka, nyale zoyaka kuyambira 4 koloko madzulo, ndi petulo wa m'nyengo yozizira amene amasakanizidwa ndi butane wambiri kotero kuti mphamvu yake pa lita ndi yocheperako. Pa zonsezi dalaivala alibe mlandu, kupatula matayala, amene ambirife timawapima pongowamenya ndi nsapato.

Koma nthambi yomweyo ili ndi nambala yachiwiri, ndipo ndi imene imatiulula. Ikuti pa maulendo aafupi, a makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi, kutayako kumatha kufika 24 peresenti. Chisanu ndi chomwecho, galimoto ndi yomweyo, petulo ndi yemweyo. Chasintha ndi chakuti injini sinapatsidwe mpata woti itenthe bwino isanazimitsidwe. Ndiye kuti mafuta ambiri amatayika m'mphindi zimene injini ili yozizira, ndipo funso lanzeru ndi lakuti tingafupikitse bwanji mphindi zimenezo. Apa ndiye pamene nzeru zathu zimatulukira poyera. Timaliza injini, kubwerera m'nyumba, kumwa tiyi, kufunafuna sokosi inayo, galimoto ili phuphuphu pabwalo kwa mphindi 15. Ku Canada anafika pogwiritsa ntchito kachipangizo kolizira injini munthu ali m'bulangete, ulesi wakale womwewo koma wokhala ndi batani. Vuto ndi lakuti injini yongolira itaima imatentha pang'onopang'ono kwambiri chifukwa sikugwira ntchito, ndipo magiya, matayala ndi zitsulo za kumawilo sizitentha n'komwe mpaka galimoto itayenda. Pa nthawi yonseyo ikumwa lita imodzi kapena awiri pa ola, ndipo makilomita amene ikuyenda pa lita imodzi ndi ziro. Werengani nokha: mphindi 15 tsiku lililonse kwa masiku 120 ndi maola 30, kutanthauza malita 30 mpaka 60. Thanki yonse yathera pakhomo, ulendo wake wochokera pageti kukafika pageti pomwepo.

Wina anena kuti bambo ake anamuphunzitsa kuti galimoto siinyamuka isanatenthe, ndipo bambo sanama. N'zoona, bambo sananame, kungoti ankanena za galimoto ina. Magalimoto a nthawi yawo anali ndi kabuleta ndi choko, ndipo ukanyamuka injini ili yozizira inkatsokomola n'kuzima pakati pa mphambano, anthu akukuonerera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kufika kumayambiriro kwa m'ma 1990 kabuleta inalowedwa m'malo ndi majekeseni a mafuta olamulidwa ndi kompyuta, amene amayeza kuzizira n'kusintha okha muyezo wa petulo. Opanga magalimoto ambiri tsopano amalangiza kuti injini ilire pafupifupi masekondi 30 kuti oyilo azungulire, kenako munthu anyamuke mofatsa, osaponda kwambiri mpaka itatentha. Pali china chowawa kumva. Petulo wochuluka uja amene amathiridwa injini ikakhala yozizira amatsuka oyilo pamakoma a masilinda, choncho chifundo chathu chotalikitsa nthawi yozizirayo chikhoza kukhala chikupera injini imene tikuti tikuisamala. Tasunga lamulo la bambo mokhulupirika, koma galimoto imene lamulolo linkateteza inapita kale kwa ogula zitsulo.

Chotsutsa chachiwiri ndi champhamvu, ndipo sindichithawa. Kuli malo kumene kuzimitsa injini n'kudziputira tsoka. Ku Yakutsk, ku Siberia, kumene madigiri 40 pansi pa ziro ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku m'nyengo yozizira, anthu opanda galaja yofunda amasiya injini ikulira kwa nthawi yaitali, chifukwa ikazizira kotheratu mwina siidzaliranso mpaka nyengo itasintha. Dizilo wamba naye amaundana pa kuzizira kotere n'kutseka sefa. Komanso palibe munthu wanzeru amene anganyamuke galasi la kutsogolo litakutidwa ndi madzi oundana, akuyang'ana msewu pa kabowo kamene wapala ndi chiphaso cha ku banki. Kuona msewu n'kofunika kuposa lita ya petulo, ndipo ngati pafunika mphindi zingapo kuti galasi liyere, zipite. Koma taonani zimene anthu a kumalo ozizira anachita ndi vuto limeneli. Andrew Freeman wa ku Grand Forks, m'dera la North Dakota, anapanga chotenthetsera injini cha magetsi, ndipo boma linamupatsa umwini wa luso lakelo mu 1949. N'chifukwa chake m'mizinda ngati Winnipeg magalimoto ambiri ali ndi kachingwe ka magetsi kolendewera kutsogolo, ndipo malo ambiri oimikapo magalimoto ali ndi masoketi. Boma la Canada limalangiza kuti maola awiri okha chingwecho chili pa magetsi ndi okwanira. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, amagula chingwe ndi chopalira galasi. Amene amatchula Yakutsk pamene galimoto yake yagona mu galaja ku Manchester akubwereka chisanu cha eni ake kuti abisalemo.

Ndiye tinene chilungamo chimene ife amuna a pa chiwongolero sitikonda kuchinena pagulu. Hita ya galimoto yapetulo imatenga kutentha kwake ku injini, ndipo injini ikakhala yozizira hita imapuma mphepo yozizira. Mphindi 15 zija si za injini ayi. Ndi za msana wathu, zala zathu, ndi mbali ina ya thupi imene imakhudza mpando poyamba. Umboni wake uli m'magalimoto amagetsi, amene alibe injini yotaya kutentha kwaulere. Nambala za nthambi ya ku America ija zikusonyeza kuti pa kuzizira komweko mtunda umene galimoto yamagetsi ingayende umatha kuchepa ndi pafupifupi 40 peresenti, ndipo magawo awiri mwa atatu a mphamvu yowonjezera imene imagwiritsidwa ntchito amapita kukafunditsa anthu okhala mkati. Galimoto yamagetsi yaika poyera chimene yapetulo inkatibisira mwaulemu: katundu wodula kwambiri kumufunditsa m'galimoto ndi mwini wake. Palibe cholakwa munthu kufuna kufunda. Ine ndemwe ndimavala chipewa cha ubweya Juni akangoyamba, ngakhale dzuwa likuwala. Cholakwa n'kulemba ndalama ya kufunda kwathu pa dzina la injini, kenako n'kumauza akazi athu kuti galimoto ya masiku ano ikumwa modabwitsa.

Owerenga a ku Nsanje akhoza kuseka kuti izi ndi za azungu ndi abale athu othawa dzuwa. Asekeretu pang'ono. Nthambi ya Natural Resources Canada imati kutsika kwa kutentha kuchoka pa madigiri 24 kufika pa 7 kungawonjezere mafuta amene galimoto imamwa pa maulendo a mumzinda ndi 12 mpaka 28 peresenti. Madigiri 7 si a ku Siberia. Ndi m'mawa wa Juni kapena Julaye ku Dedza ndi ku Mzuzu. Ndipo mwambo wotenthetsa injini tili nawo kuno mokwanira, ngakhale mu Okutobala phula likusungunuka, ena mpaka kuponda mafuta kuti vuu! vuu! kuti oyandikana nawo adziwe kuti pakhomo pano pali galimoto. Munthu yemweyo anagona pamzere wa mafuta usiku wathunthu kuti apeze malita khumi, ndiye m'mawa mwake akuwotcha ena mwa iwo galimoto itaima, iye akutsuka mano.

Choncho inu a ku Winnipeg, lumikizani chingwe, palani galasi, pimani matayala ndi geji osati ndi nsapato, ndipo maulendo a kusitolo, kusukulu ndi kutchalitchi muwaphatikize injini ikadali yotentha. Inu a ku Dedza, chingwe simukuchifuna. Lizani injini, mangani lamba, nyamukani mofatsa, ndipo ngati mukuzizidwa valani jekete. Mlamu uja mumupepese.