Jekete la malume latsikira ku Tete

Ife a ku Zóbuè tili ndi abale mbali zonse za malire, moti maliro akachitika ku Mwanza, nkhuni zimachokera ku Mozambique. Ine ntchito inanditsitsira ku Moatize. Chaka chatha malume anga a ku Mwanza anatumiza uthenga woti akubwera kudzaona kumene ndimakhala. Ndinawachonderera kuti adikire June. Iwo anasankha October.

Ndinakawachingamira ku Zóbuè m'mawa, kukuzizira monga kumachitira kumapiri kuja. Ndinawapeza atavala jekete lakuda, juzi mkati, tayi pakhosi, chipewa kumutu.

"Malume, kumene tikupitaku jekete silifunika."

"Mphwanga, munthu wamkulu sayenda ngati akupita kudimba."

Anatulutsa mpukutu wa makwacha wonenepa ngati mtolo wa fodya n'kupatsa mnyamata wosintha ndalama. Mnyamatayo anawabwezera timapepala tingapo ta metikali. Malume anatiwerenga kawiri, anatitembenuza, kenako anati, "Ngati ndalama zafota chonchi tili pano pozizira, nanga kutsogoloko?"

Ndinawauza kuti tiyeni tikakwere chapa. Anandiyang'ana mokwiya. "Ndangofika kumene, ndichape chiyani?" Zinanditengera nthawi kuwafotokozera kuti kuno minibasi dzina lake ndi limenelo.

Msewu wochoka ku Zóbuè kupita ku Tete ndi wa makilomita oposa 100, ndipo umangotsika. Pa Mussacama chipewa chinatsika. Pa Capirizanje jekete linali pamiyendo. Mitengo yamasamba itayamba kusowa, malambe atayamba kuima m'mbali mwa msewu ngati ankhoswe odikira mlandu, juzi linavulidwa mwakachetechete. Tikulowa mu Moatize malume anali atatsala ndi malaya osamanga mabatani, tayi ikugwira ntchito ya kansalu kopukutira thukuta. Kondakitala, amene kuno timati kobradoro, anandinong'oneza kuti mwamwayi tatsikira pano, chifukwa kukafika mumzinda wa Tete kwatsala makilomita 20 ndipo m'galimotomo munali amayi.

*

Titangotsika, kamnyamata kanathamanga ndi chidebe kakukuwa, "Água! Água!"

Malume anaponya chikwama pansi. "Agwa ndani? Agwera kuti?"

Anthu anayamba kutiunjikira. Kamnyamatako, poona mdala akukuwa maso ali psuu, kanaganiza kuti ludzu lawapengetsa, ndipo kanawapatsa botolo lamadzi ozizira. Anamwa onse osapuma. Atamaliza anati, "Koma amene agwawo athandizidwe."

*

Kunyumba mayi a ana anawapatulira madzi osamba a pampopi, nthawi ili cha m'ma 2 koloko masana. Malume anatuluka kubafa akupukusa mutu, n'kundiitanira pambali.

"Mkazi wako ndi waulemu, koma umuuze asamawononge makala. Kutentha konseku n'kundiwiritsira madzi?"

Palibe anayatsa mbaula. Kuno mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo paipi ikakhala padzuwa imaphika yokha. Madzi ozizira osamba timatunga m'bandakucha n'kuwabisa m'nyumba ngati katundu wakuba.

Usiku tinawayalira pabedi la alendo. Ife tinatenga mphasa kukagona pakhonde monga mwa masiku onse. Malume anati kugona panja n'kwa alonda ndi anamfedwa. Pakati pa usiku ndinamva munthu akundikankha. "Sendera uko, mphwanga. Mlonda wina wabwera."

*

Nkhani ya malasha ndi imene inawasowetsa mtendere. Moatize yakhala pamwamba pa malasha. Mgodi waukulu unayamba kutulutsa mu 2011 uli m'manja mwa Vale ya ku Brazil, ndipo mu 2022 unagulidwa ndi Vulcan ya amwenye. Sitima zimanyamula malashawo kudutsa m'Malawi, ku Mwanza komweko, Neno, Nkaya ndi Liwonde, mpaka kunyanja ku Nacala, ulendo wa makilomita oposa 900. Malume sitimazi amaziona kwawo zikudutsa, ndipo ankakhulupirira kuti mphwawo amene amakhala kumene zimachokera amangotola malasha pakhomo ngati miyala.

Ndiye ataona mkazi wanga akutsutsana mtengo ndi wanjinga wogulitsa makala a mitengo, anakhala pansi.

"Mukukhala pamwamba pa malasha, n'kumagula makala?"

"Eya, malume."

"Ndiye inu mumapatako chiyani?"

Sindinayankhe. Anayankha ndi malaya awo oyera, amene anachapidwa m'mawa n'kuyanikidwa pachingwe. Madzulo mphepo itawomba, anawapeza asanduka otuwa ngati nkhunda. Anawakutumula, anayang'ana fumbi lakuda m'manja mwawo, n'kunena kuti, "Ooh, gawo lanu amakutumizirani pamphepo."

*

Loweruka ndinawatengera mumzinda. Tinawoloka mtsinje wa Revúbuè, tinadutsa bwalo la ndege la Chingodzi, ndipo titafika ku Matundo ndinati titsike, tiwoloke Zambezi wapansi pa mlatho wa Samora Machel. Mlathowu unatha kumangidwa mu 1973 ndipo ndi wolendewera pazingwe zachitsulo. Magalimoto olemera masiku ano amadzera pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014, komabe wakalewu umanjenjemera pang'ono galimoto zikamadutsa.

Tili pakatikati malume anagwira chitsulo ndi manja awiri.

"Zingwezi wagwira ndani kumapetoko?"

"Palibe, malume. Zinamangidwa."

"Anamanga ndani?"

"Apwitikizi."

"Omwe anachoka aja? Ndiye zikamasuka tikadandaula kwa yani?"

Titafika tsidya mtima unakhala pansi, ndipo anayamba kuuyang'ana mtsinjewo bwinobwino. Madzi ochuluka chonchija, ndipo mamita ochepa kuchoka pagombe nthaka ili gwaa, udzu wofiira, mbuzi zikulimbirana mthunzi wa mtengo umodzi. Ndinawauza kuti kumtunda, ku Songo, madzi omwewa amapukusa makina a Cahora Bassa, ndipo magetsi ambiri amagulitsidwa ku South Africa. Malume anati dziko lino ndi lofanana ndi mayi wophika pa ukwati: chilichonse chimadutsa m'manja mwake, iye n'kukagona ndi fungo.

Masana tinadya kanyenya wa mbuzi. Mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka m'Mozambique monse, ndipo eni ake amati imakoma chifukwa imadya masau ndi malambe. Malume anatafuna, anatsinzina, anaitanitsa mbale yachiwiri, kenako anatsutsa. "Si masau ayi. Mbuzi imeneyi imayamba kuwotchedwa ikadali moyo. Wokazingayu amangomalizitsa."

*

Anakhala masiku anayi m'malo mwa sabata ziwiri zimene analonjeza. Ndinawakweza chapa, tsopano akuitchula bwino, atanyamula thumba la masau ouma ndi nsomba za chikowa. Madzulo foni inalira. Anali pa Zóbuè, mano akugundana.

"Mphwanga, jekete langa lija!"

Ndinalifunafuna nyumba yonse. Ndinakalipeza kuseri, ana atalikoleka pa timitengo tiwiri, pansi pake nkhuku ndi anapiye ake zili phee. Ndikulichotsa, mwana wanga wamng'ono, wobadwira ku Moatize konkuno, anandigwira dzanja.

"Ababa, agogo aiwala tenti yawo?"