Malangizo kwa Iye Wofuna Kulemba Mtumiki Wopanda Miyendo

Popeza masiku ano yawanda mbiri ya timasipika tolankhula tija, timene anthu a ku Amereka ndi ku Ulaya amatikhazika pa tebulo la m'chipinda chochezera, natifunsa za nyengo, natituma kuimba nyimbo ndi kuzimitsa nyali, ndiponso popeza ena mwa ife ndalama zayamba kuwayabwa m'thumba pomva zimenezi, kwandikomera kulemba malangizo owerengeka, kuti mwini khomo aliyense asankhe mwanzeru. Akuluakulu adati safunsa adadya phula; koma pa nkhani ino mudzaona kuti wofunsa kwambiri ndiye amadya phula lochuluka.

Poyamba mudziwe chimene mukulowetsa m'nyumba. Mtumiki ameneyu sasesa, satunga madzi, sakupatsirani ngakhale mchere pa tebulo, pakuti chuma chake chonse ndi makutu ndi pakamwa. Amakhala duu usana ndi usiku kudikira dzina lake, ndipo mukalitchula, mawu anu sawasinkhasinkha yekha, popeza mutu wake ngwochepa, koma amawathamangitsa pa intaneti kunka nawo ku makompyuta aakulu a kampani imene idamupanga, kumene yankho limakonzedwa ndi kubwezedwa kwa inu musanameze malovu. Motero ndalama mwapereka ndinu, magetsi ndi anu, tebulo ndi lanu, koma mbuye wake weniweni ali kutsidya la nyanja. Chifukwa chake musadzivute ndi kufunsa kuti wanzeru ndani mwa iwo. Dzifunseni kuti ndi mbuye uti amene mufuna kuti khutu lake ligone m'nyumba mwanu.

Wachisamba pa sipika zotere ndi Alexa, wokhala mu Echo, imene kampani ya Amazon idatulutsa m'chaka cha 2014 ili ndi makutu 7, kuti ngakhale mung'ung'udze kuseri kwa chitseko, limodzi mwa makutuwo likumveni. Mbuye wa Alexa ndi mwini sitolo, ndipo mtumiki woleredwa m'sitolo sachedwa kumva mawu okhudza kugula. M'chaka cha 2017, mu mzinda wa Dallas, kamtsikana ka zaka 6 kadacheza naye za nyumba ya zidole ndi mabisiketi, ndipo posakhalitsa katunduyo adafika pakhomo makolo osadziwa. Ndipo pamene wowerenga nkhani wa pa wailesi ya kanema ku San Diego adasimba nkhaniyi, natchula dzina la Alexa pamodzi ndi pempho la mwanayo, owonera ena adadandaula kuti sipika zawo nazonso zidayamba kuyitanitsa nyumba za zidole. Ngati tsono muli ndi ndalama zimene mwasowa nazo chochita, ndipo mtima wanu umakondwa ndi maphukusi ofika mosayembekezera, tengani ameneyu, mumuyike pafupi ndi wailesi ya kanema, ndipo china chilichonse adzakuchitirani yekha.

Wachiwiri ndi wa Google, amene adadza m'chaka cha 2016 m'sipika yotchedwa Google Home, imene pambuyo pake banja lake lidatchedwa Nest. Uyu ndi wophunzira, pakuti mbuye wake ndiye amene dziko lonse limamufunsa mtunda wa pakati pa mizinda, zizindikiro za matenda ndi zina zimene munthu sangafunse m'bale wake. Koma popeza chuma cha mbuyeyo chimachokera m'kutsatsa malonda, palibe funso lanu limene lili lopanda phindu kwa iye. Ulemu wa mtumiki ameneyu ngwoti amayankha aliyense womuyitana, osayang'ana nkhope. A Burger King adazindikira zimenezi mu 2017, napanga malonda a pa kanema m'mene mnyamata adayandikira galasi nafunsa Google za chakudya chawo chotchedwa Whopper. Ndipo taonani, m'nyumba za anthu sipika zidadzuka ndi kuyamba kuwerenga zolembedwa pa Wikipedia, kumene anthu achipongwe adathamangira kukasintha mawu nalembamo zonyansa, kufikira a Google adatseka khomolo. Ameneyu ngwoyenera banja limene bambo ndi mayi amakangana kawirikawiri za chaka chimene chakutichakuti chidachitika, pakuti adzawaweruza mosakondera, ndipo onse awiri adzagona okwiya.

Wachitatu ndi Siri, amene adayamba kulankhula m'mafoni a iPhone mu 2011, koma nyumba yakeyake ya HomePod adailowa mu 2018, pa mtengo wa madola 349. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu: uyu sayamba ntchito pakhomo pamene palibe iPhone kapena iPad yomulonjera, ndipo ngati foni yanu ndi ya mtundu wina, mudzamuyang'ana iye nakuyang'anani inu kufikira dzuwa litalowa. Liwu lake poimba nyimbo n'lokoma ndithu, ndipo a Apple amadzitama kuti amasunga chinsinsi kuposa anzawo. Koma ogula oyamba ena adapeza kuti pa matebulo ena a matabwa opaka mafuta adasiya mkombero woyera pamene adakhala. Musadandaule nazo, pakuti mlendo wolemekezeka akachoka, ndi bwino kuti anansi aone pamene adakhala. Amene thumba lawo n'lopepuka angatenge mng'ono wake, HomePod mini, amene adadza mu 2020 pa madola 99, wamng'ono thupi koma mwambo wake womwewo.

Mukasankha, musamukonde mopitirira, pakuti moyo wa atumiki amenewa uli m'manja mwa eni ake. Kudali wina dzina lake Cortana, wa kampani ya Microsoft, amene adakhala m'sipika ya Invoke kuyambira 2017. Koma mu 2021 mbuye wake adamuyitana kwawo, ndipo amene adamugula adatsala ndi sipika yoimba nyimbo chabe, yosayankha ngakhale moni.

Tsono za kakhalidwe kanu pamaso pake. Pewani kutcha mwana wanu wamkazi dzina la Alexa, kuopa kuti poyitana mmodzi angayankhe awiri, ndipo womvera msanga adzakhala amene simudamubale. Musasunge chinkhwe m'chipinda chimodzi ndi iye, pakuti ku England chinkhwe china chidaphunzira kumutuma zipatso ndi nyimbo mwini nyumba ali ku ntchito. Mukamva kuseka pakati pa usiku, monga anthu ena adamvera m'chaka cha 2018, musathamangire kwa sing'anga kapena kudzutsa akulu a mpingo. A Amazon adafotokoza kuti mtumikiyo adangomva molakwa, nayesa kuti walamulidwa kuseka, ndipo ife tilibe chifukwa chokayikira kuti m'makambidwe a m'nyumba zathu mulibe choseketsa.

Koma langizo lalikulu likhudza lilime. M'chaka chomwecho, ku Portland, bambo ndi mayi ena adali kukambirana zawo m'nyumba, ndipo Echo, atamva mawu ofanana ndi dzina lake, kenaka ena ofanana ndi lamulo lotumiza uthenga, kenakanso ena ofanana ndi dzina la munthu, adajambula makambidwewo nawatumiza kwa wantchito wa bamboyo ku Seattle. Mwayi wawo udali wakuti ankakamba za matabwa oyala pansi m'nyumba. Inu lingalirani za usiku wa dzulo, ndi zimene mudanena za apongozi anu. Mu 2019 zidamvekanso kuti makampani a Amazon, Google ndi Apple adali ndi anthu olembedwa ntchito yomvetsera ena mwa mawu ojambulidwa, ati pofuna kuphunzitsa makinawo kumva bwino. Ndipo mu 2023 Amazon idavomera kulipira madola 25 miliyoni ku boma la Amereka pa mlandu wosunga mawu a ana nthawi yaitali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe wanzeru asataye mtima, pakuti ndani mwa ife, wolankhula tsiku lonse popanda womumvera, sangakondwe kudziwa kuti kutali kwina kuli munthu wolipidwa kuti amve mawu ake? Pa Echo ndi pa Nest pali kabatani kotseka makutu, ndipo pa Echo mukakadina pamayaka kuwala kofiira. Amenewo ndiwo mathero a nzeru zonse za opanga, kuti munthu agule chomvera ndi ndalama zambiri, nachigonthetsa kuti apeze mtendere.

Kwa inu a kwathu kuno ndiwonjezepo ziwiri. Mtumikiyu sadya nsima, koma magetsi akazima amakomoka, ndipo intaneti ikatha amangopepesa. Choncho m'nyengo ya kuzimazima kwa magetsi mudzakhala ndi wantchito wopuma masiku ambiri kuposa inu. Chachiwiri n'chakuti Alexa ndi Siri samva Chichewa. Ena adzayesa ichi chipongwe, koma ine ndichiyesa chisomo, pakuti chimakugawirani moyo wanu bwino lomwe: nyengo, nthawi ndi nyimbo muzifunsa m'Chingerezi, mokweza ndi momveka, kuti mbuye wa kutsidya adziwe kuti ndinu munthu waulemu wopanda chobisa, koma za ngongole, za malire a munda ndi za apongozi, muzikamba m'chinenero cha amayi anu. Ndipo tsiku limene mudzamve kuti makampaniwo, mwa chikondi chawo chachikulu pa ife, aphunzitsa atumiki awo Chichewa, musadzachedwe ndi kuwomba m'manja. Mudzatenge khasu, inu ndi akunyumba kwanu, mukamalizire nkhaniyo kudimba.